Tiziphuphu ta Mwana wa Wometa

"Ndati wamusambitsadi mwanayu, kapena wangomuwaza madzi ngati masamba apamsika?"

"Ndamusambitsa, bambo a mwana. Aka n'kachiwiri, ndipo dzuwa silinakwere n'komwe."

"Ndi sopo?"

"Ndi sopo munabwera naye uja."

"Nanga izi n'chiyani? Tayang'ana bwino. Izi n'chiyani?"

Wofunsayo anali Lumo, wometa tsitsi, ataima pafupi ndi bedi, malaya ake oyera atapisira kale, wokonzeka kupita kuntchito. Dzina loti Lumo anamupatsa ndi makasitomala ake, ndipo linamumata mpaka lenileni linaiwalika. Pabedipo panagona mwana wawo woyamba, wamwamuna, wosakwana n'mwezi womwe, akuponya timiyendo osadziwa kuti mlandu wonse uli pankhope pake. M'masaya ndi pachipumi munali tiziphuphu tofiira, tina toyera kunsonga, tomwazika ngati mchenga.

Make mwana anapukuta manja pa nsalu yake. Manjawo anali atatuwa, zina mwa zala zitang'aluka, chifukwa chiyambireni tiziphuphuti m'nyumbamo munkachapidwa chilichonse chochapika: matewera, mapilo, makatani, ngakhale kansalu kopukutira kalilole.

"Mwanayu sakudwala," anatero motsitsa mawu. "Akuyamwa bwino, akugona bwino, thupi silikutentha. Achemwali anga akuti n'za makanda izi, zimatha zokha."

"Achemwali ako ndi telala. Azinena za mabatani. Za khungu uzifunsa ine. Zaka zonsezi ndikugwira nkhope za anthu, sindinaonepo chiphuphu chobwera popanda uve. Lumo likakhala losatsuka, khosi la munthu limatuluka nsungu. Thaulo likada, chimodzimodzi. Chiphuphu ndi mboni, chimaulula zimene zimachitika mwini nyumba akachoka."

"Ndiye lumo losatsukalo ndine?"

"Wanena ndiwe."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo a mwana. Tiyeni tidikire pang'ono."

"Pakadafunda padajiwitsa galu. Umusambitsenso masana, utikite bwinobwino. Ndipo usatuluke naye panja, sindikufuna anthu amuone chonchi."

Anatuluka osamunyamula mwanayo. Chiyambireni tiziphuphuto sanamupsompsone, ankangomuyang'anira patali ngati ntchito imene wina waiwononga.

Tisamunamizire Lumo. Sankamwa, sankamenya, ndipo dzuwa likamalowa ankakhala ali pakhomo. Vuto lake linali limodzi: ukhondo unamulowa m'mutu mpaka unasanduka ulemu wake wonse. Shopu yake inali kachipinda kamodzi pakati pa wowotcherera zitsulo ndi mayi wogulitsa mbale. Munali kalilole wamkulu wopanda ngakhale chidindo cha chala, mpando wozungulira umene unkalira ukatembenukira kumanzere, makina ometera opachikidwa pamisomali, zipeso zoviikidwa m'botolo lamadzi a mankhwala, ndi sipiriti amene fungo lake linkakulandira uli pakhonde. Pamwamba pa kalilole analemba yekha ndi penti wofiira: KUNO KULIBE NSUNGU. Mawu amenewo ankawanyadira kuposa satifiketi.

Tsiku limenelo pampando panakhala Adalaivala, woyendetsa basi wamimba yaikulu, munthu woti pakamwa pake sipadziwa buleki. Pabenchi panali ena akudikira.

"A Lumo," anayamba Adalaivala nsalu ili m'khosi, "mayi akunyumba anapita kukaona mlendo uja. Akuti mwana ngwokongola, mphuno yanu yeniyeni. Koma akuti pankhope, eee! Ndiye ndimati mawu mwalemba pamwambawa mukawalembenso kunyumba, mwina tiziphuphuto sitidziwa kuti tafika kwa yani."

Benchi yonse inafa nako kuseka. Lumo anamva makutu kutentha. Akanangoseka nawo, nkhani ikanathera pomwepo. Koma munthu akagwidwa ndi manyazi amafuna pobisala, ndipo pobisala papafupi pa mwamuna ndi kumbuyo kwa mkazi wake.

"Mukuwadziwa akazi amasiku ano," anatero akusuntha makina kuseri kwa khutu. "Madzi amawaopa ngati mphaka. Ine ndikachoka m'mawa, beseni limapuma mpaka madzulo."

Anthu aja anasekanso, tsopano akuseka naye, ndipo mtima wa Lumo unakhala pansi. Anaiwala kuti mawu otuluka mushopu yometera sayenda wapansi, makamaka womva akakhala woyendetsa basi.

Sipanapite masiku ambiri. Madzulo ena Lumo anapeza make mwana atakhala pampando wakukhomo, akuyamwitsa, pambali pake pali chidutswa cha sopo chimene Lumo sankachidziwa.

"Ndamva kuti beseni langa limapuma," anatero mkaziyo asanamulonjere n'komwe.

"Aa, zocheza zija? Amuna tikakhala timangolankhula."

"Zocheza zanuzo lero zandipeza pampopi. Mayi wina wandipatsa sopo uyu pamaso pa anthu, akuti ndithandizike, umphawi si mlandu koma uve. Wina wasuntha chidebe chake kuti chisagundane ndi changa. Ine ndangolandira, ndathokoza. Ndikanatani? Wanena ndi mwini wake."

"Ukanawayankha."

"Ndiyankhe kuti amuna anga ndi abodza? Taonani manja awa, bambo a mwana. Awa ndi manja a munthu woopa madzi?"

Lumo anawayang'ana, ndipo chisoni chinamugwira ndithu. Koma maso ake anatsetserekera pankhope ya mwana, pamene tiziphuphu tinali titafika mpaka pachibwano, khungu litauma ndi kufiira chifukwa chotikitidwa, ndipo chisoni chija chinasanduka mkwiyo.

"Ngati ukusambitsa, ndiye kuti sukusambitsa bwino. Ine kushopu ndili ndi mankhwala ake. Munthu akabwera ndi nsungu ndimafinya, n'kupaka sipiriti, mawa lake zauma."

"Ameneyo ndi munthu wandevu. Uyu ndi khanda, khungu lake lili ngati la mkati mwa dzira. Ndikukupemphani, zakushopu zizikhala kushopu. Tipite naye kuchipatala ngati mtima wanu sukukhazikika."

"Ndikaime pamzere ine, anthu azindiloza kuti wometa uja walephera mwana wake yemwe?"

"Safunsa anadya phula."

"Phulalo ndidya ndekha."

Lamulungu masana kunali bata. Make mwana anatuluka ndi beseni la matewera kukayanika kuseri kwa nyumba. Mwana anali maso, akuyamwa chibakera chake. Lumo anatseka chitseko pang'onopang'ono, natulutsa m'thumba la jekete kabotolo ka sipiriti ndi thonje. Anasamba m'manja kaye, monga mwa ntchito yake. Mumtima mwake munalibe nkhanza, ankati akuthandiza mwana wake, ndipo ankaona kale mmene mkaziyo adzachitire manyazi tiziphuphu tikadzauma. Anasankha tsaya lakumanzere, pamene tinathithikana kwambiri. Anafinya ndi zikhadabo za zala zazikulu, kenaka anatsinikiza thonje lonyowalo, osalichotsa msanga, monga amachitira pakhosi la Adalaivala.

Mwanayo anayamba wakhala chete, kukamwa kuli yasa, mpweya utamuthawa. Kenaka analira kulira kumene Lumo anali asanakumvepo. Kunja beseni linagwa. Make mwana analowa akuthamanga, ndipo sanafunse kanthu, fungo linali litamuuza kale. Anamulanda mwanayo, namutsuka tsayalo ndi madzi ambiri, namuika kubere, misozi ikugwera pamutu pa khandalo. Pofika m'mawa tsayalo linali litatupa, pakati pake pali bala losupuka.

Pamzere wakuchipatala Lumo anaima ndithu, chipewa atachitsitsira kumaso. Namwino amene anawalandira anali mayi wachikulire wa magalasi, wooneka kuti watopa tsiku lisanayambe. Anamuvula mwanayo, namuyeza kutentha kwa thupi, namutembenuza uku ndi uku.

"Akuyamwa?"

"Akuyamwa," anayankha make mwana.

"Tiziphuphu iti sitikundidetsa nkhawa. Makanda ambiri amatuluka timeneti akatha masabata angapo, m'masaya, pamphuno, pachipumi. Mwana akakhala m'mimba amatengako timadzi ta m'thupi la mayi ake, timene kusukulu amati mahomoni. Akabadwa, timeneto timachititsa kuti khungu lizitulutsa mafuta ambiri, basi tiziphuphu n'kutuluka."

"Ndiye kuti tachokera kwa amake?" anafunsa Lumo msanga, ngati munthu woti watola ndalama panjira.

Namwino anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Timadzi tomweto n'timene tinathandiza kuti mwanayu akule m'mimba, bambo. Mukufuna muwaimbe mlandu wobereka? Si uve uwu, si mkaka woipa, ndipo sitipatsirana. Timatha tokha, mwina masabata, mwina miyezi ingapo. Mankhwala ake ndi madzi ofunda, kamodzi patsiku, n'kupukuta mosatikita. Osafinya, osapaka mafuta, osapaka mankhwala a akuluakulu. Mukaona thupi latentha, kapena matuza amafinya, kapena wasiya kuyamwa, pamenepo ndiye muthamange naye kuno." Anatembenuza kamutu ka mwanayo, ndipo mawu ake anasintha. "Koma ichi si chiphuphu. Apa papsa. Mwamupaka chiyani?"

"Sipiriti," anayankha make mwana.

"Sipiriti! Mayi inu, mwana mwamunyamula miyezi yonseyi kuti mudzamuwotche nokha? Akanalowa m'diso bwenzi tikunena zotani? Azimayi mumatani kodi? Chilichonse chimene mwamva pampopi mukufuna muyesere pa mwana. Ndipo khungu lonseli mwalitikita ndi sopo mpaka lauma. Bambo, muziwayang'anira akazi anuwa."

Make mwana anatembenuka pang'ono, nayang'ana mwamuna wake. Sanamuyang'ane mwaukali ayi, anangodikira. Lumo anafuna kunena zoona. Koma chitseko chinali chotsegula, pabenchi panja panali anthu, ndipo ena mwa iwo anali oti amawameta. Anayang'ana nsapato zake.

"Ndamva, anamwino," anatero.

Atatuluka ndi kachubu ka mankhwala a bala, anayenda mpaka pamphambano. Pamenepo make mwana anakhotera kumanja.

"Kunyumba ndi uku," anatero Lumo.

"Ndikukudziwa. Ndikupita kwa achemwali."

"Chifukwa cha kabala kameneka? Atipatsa mankhwala, kapola."

"Kabalako kapola, inde. Munalakwitsa, ndipo kulakwitsa n'kwa munthu aliyense. Koma muja ndinakudikirani, bambo a mwana. Ndinati lero andiombola, anena kuti ndine ndinapaka. Kushopu munandisenzetsa uve, kuchipatala mwandisenzetsa bala. Mutu wangawu ndi umodzi, sungasenze zonse."

Sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinamuopsa Lumo. Anaima pamphambanopo akuyang'ana kamutu ka mwana kakugwedera kumsana mpaka anakhota pangodya.

Masabata amene anatsatira, nyumba ya Lumo inali yaukhondo kuposa kale lonse. Panalibe thewera pachingwe, panalibe dontho la mkaka papilo. Beseni linali litavundikiridwa pakona, likupumadi tsopano. Ankalowa, n'kukhala pabedi, n'kumamvetsera phokoso la ana a eni ake. Anasowa mwana wake, anasowa mkazi wake, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti anawathamangitsa yekha. Kushopu akafunsidwa ankati apita kukapuma kwa achibale. Mawu ofiira aja pamwamba pa kalilole anasiya kuwayang'ana.

Tsiku lina anatseka shopu masana, napita. Mlamu wake telala ankasokera pakhonde la nyumba yake, tepi ili m'khosi, mapini ali kukamwa. Atamuona sanasiye kupalasa makina mpaka mzere unatha.

"Alamu! Mwasochera? Kapena mwabwera kudzayendera ukhondo? Pepanitu, kuno n'kwa anthu a mabatani, ulusi uli mbwee."

"Ndabwera kudzaona mwana, alamu."

"Mwana yekha? Amake ndi katundu wongoperekeza?"

"Ndi amake omwe."

"Khalani apo. Ndikuuzeni chimodzi asanatuluke. Mng'ono wangayu atafika kuno, usiku ankadzuka kukasamba m'manja asanamugwire mwana wake yemwe. Munamulowetsa m'mutu kuti ndi wauve mpaka anayamba kukhulupirira. Ine ana anga onse anatuluka tiziphuphu timeneti, bambo awo ankangoseka kuti anyamata akula msanga. Inu munaona mlandu. Mwana akanenepa mumati ngwa bambo, akatuluka kachiphuphu ngwa mayi. Chilungamo chake chili pati pamenepo?"

"Ndinalakwa, alamu."

"Musauze ine. Ine simunandilakwire."

Make mwana anatuluka ndi mwana m'manja. Anali atawalako, manja aja atapola. Anamulonjera mwaulemu ngati mlendo, nakhala pampando wina, navundukula kansalu kumaso kwa mwanayo.

Lumo anasuzumira. Chipumi chinali see, mphuno see, chibwano see. Khungu linali losalala loti wometa aliyense akanalinyadira. Mwanayo anali atanenepa, akuyang'ana bambo ake ndi maso aakulu osawadziwa.

"Munamupaka chiyani?" Funsolo linatuluka lokha.

"Madzi. Kamodzi patsiku."

"Basi?"

"Basi. Tinabwera tokha, tapita tokha." Anatembenuza kamutu ka mwanayo pang'ono. Patsaya lakumanzere panali kachipsera kakuda, kopindika ngati chikhadabo cha chala chachikulu. "Chatsala ndi chanu chokha."

Lumo anatambasula dzanja, kenaka analibweza.

"Mugwireni," anatero mkaziyo. "Nkhope za eni ake mumazigwira tsiku lonse. Ya mwana wanu chiyambireni tiziphuphu munaigwira kamodzi kokha, ndi thonje."

Anamulandira. Anaika chala pa kachipserako mopepuka, ndipo mwanayo anatembenuka kuti achiyamwe. Lumo anaseka, koma kusekako kunathera m'misozi, ndipo telala anayamba kufunafuna sizasi imene inali m'manja mwake momwe.

"Namwino akuti mwina kazimirira akamakula," anatero make mwana.

"Amake mwana, ndikhululukireni. Tiyeni kunyumba."

"Kukhululuka ndinakhululuka kale, sindingayamwitse ndi mtima wowawa. Koma kunyumba kuja kuli mpopi, ndipo pampopi paja ine ndine mayi wauve amene anawotcha mwana wake. Nkhani yakuchipatala inafikanso kumeneko. Mukufuna ndikatunge bwanji madzi? Mukupepesa pakhonde pano, pamene akumva ndi achemwali ndi makina osokera. Dzina langa simunaliwonongere pano."

"Ndiye nditani?"

"Mukudziwa pamene munalisiya."

Loweruka lotsatira shopu inadzaza monga mwa masiku onse. Benchi inali yothina, wowotcherera zitsulo ataima pakhomo akudikira malo. Adalaivala anakhala pampando, nsalu m'khosi, akusimba za wapolisi wina wapamsewu. Lumo anameta mbali imodzi ya mutu mpaka kumaliza. Kenaka anazimitsa makina.

"Magetsi athima?" anafunsa Adalaivala.

"Ayi. Ndili ndi katundu woti mundinyamulire pa basi yanu ija, Adalaivala. Uja munanyamula poyamba anafika bwino kwambiri."

Lumo anayang'ana m'kalilole, mmene nkhope zonse zinkaonekera pamodzi, ndipo manyazi anamugwira. Anagwira msana wa mpando.

"Ndinanena pano kuti akazi anga amaopa madzi. Linali bodza. Ankasambitsa mwana mpaka manja kung'aluka, chifukwa ndinkawakakamiza ine. Tiziphuphu tija n'ta makanda, si uve, tatha tokha ndi madzi. Bala limene munamva lija sanamuwotche ndi amake. Ndinafinya ndine, n'kupaka sipiriti uyu. Kuchipatala anakalipiridwa iwo, ine ndili chete."

Palibe anaseka. Munthu wina pabenchi, wachinyamata, anafunsa motsitsa mawu ngati tiziphuphuto timatuluka ndi pachibwano pomwe, chifukwa mwana wake wamkazi ali nato, ndipo dzulo lomwe anakalipira mkazi wake.

"Madzi ofunda, kamodzi patsiku," anayankha Lumo. "Ndipo ukafike msanga kunyumba."

Adalaivala anadzikanda mbali yometedwa ija. "A Lumo, katunduyu ngwolemera. Wabodza uja anali wopepuka, anayenda yekha. Uyu sindikudziwa ngati pampopi akamulandira."

"Mukamutsitse pomwepo basi. Akakana, ndikamunyamula ndekha pamutu, nyumba ndi nyumba."

"Chabwino. Koma mundimalize kaye, sindingapite ndi uthenga wa ulemu mutu uli theka."

Lumo anayatsa makina. Lolemba lake anatseka shopu dzuwa likadalipo. Akukhota pangodya ya kwawo anaona pachingwe pali matewera, akudontha madzi.